Poloti Yaing'ono, Banja Lalikulu

Mau olankhulidwa kwa amai pa tsiku la chikondwerero

 Tikuthokoza kuti pakati pa nyimbo ndi zokondweretsa za lero mwatipatsa mpata wakuti tikambirane nkhani ya nyumba. Ena angadabwe kuti nkhani ya njerwa ndi malata yalowa bwanji pa msonkhano wa amai. Komatu ife amai ndife amene timayenda m'makomo kukazonda odwala, kukaona makanda ndi kukagona pa maliro, ndipo m'maulendo amenewa taona nyumba zambiri, zina zopumitsa eni ake, zina zowasautsa usana ndi usiku ngakhale zidadya ndalama zochuluka. Mabanja ambiri amamanga kamodzi kokha pa moyo wao wonse, ndipo khoma likaima pamalo polakwika limaima pomwepo mpaka zidzukulu zidzalipeze.

Tiyambe takumbutsana m'mene tidafikira pa malo opanikizana chotere. Bungwe la Malawi Housing Corporation lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1964, ndipo kuonjezera pa kumanga nyumba za lendi, lidagawanso mapoloti m'madera amene munthu ankaloledwa kudzimangira yekha monga mwa mphamvu zake, monga ku Zingwangwa, ku Chilomoni ndi ku Bangwe mu mzinda wa Blantyre. Likulu la dziko litasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe m'chaka cha 1975, anthu adakhamukira kumeneko, madera onga Area 25 ndi Area 23 nadzaza. Pa kalembera wa 2018 mzinda wa Lilongwe udapezeka ndi anthu pafupifupi 990,000, ndipo wa Blantyre anthu 800,000. Anthu akuchuluka koma nthaka siikula. Nchifukwa chake ana athu akagula malo m'tauni, kawirikawiri amapeza kachigamba kodulidwa pa poloti ya munthu wina.

Kumudzi kwathu pakhomo sipakhala nyumba imodzi yokha ai. Pamakhala nyumba yaikulu, khitchini payokha, nkhokwe, gowelo la ana osinkhuka, bafa, chimbudzi chapatali kuseri, khola, thandala la mbale, dzala, ndi mtengo wa mthunzi pamene alendo amafikira. Malo akachepa, munthu amangosendeza mpanda. M'tauni mpanda susendezeka, pakuti m'ngodya zinai za poloti muli mabikoni, ndipo kuseri kwa mabikoniwo kuli mwini wake wina. Koma ntchito za pakhomo sizidachepe chifukwa tasamukira m'tauni. Tikuphikabe pa mbaula, tikuchapabe, tikuyanikabe ufa ndi zovala, tikulandirabe abale ochokera kumudzi. Zonsezi zimafuna malo apanja.

Tsono mau athu a lero ndi awa: pa poloti yaing'ono yambani kulinganiza bwalo, zipinda zibwere pambuyo. Ambiri amayamba ndi kufunsa kuti nyumba ikhale ya zipinda zingati, kenaka bwalo limakhala zotsalira za m'mbali, timipata topyapyala tosathandiza kanthu. Ife tikuti muyambe mwafunsa kuti tidzaphikira pati, tidzayanika pati, ana adzasewera pati, chimbudzi chidzakhala pati, ndipo chikadzadzaza tidzakumba pati china. Mafunso amenewa amene amawadziwa bwino ndi mai wa pakhomo.

Titenge chitsanzo kuti tione ndi maso. Tinene kuti poloti yanu ndi ya mamita 15 kumbali ya mseu ndi mamita 25 kulowa m'kati. Onse pamodzi ndi masikweya mita 375. Nyumba ya mamita 10 kwa mamita 9 imatenga masikweya mita 90, osakwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo anai a poloti, chonsecho m'menemo mungathe kulowa zipinda zogona zitatu, pabalaza, khitchini, kachipinda kosungiramo chakudya ndi bafa. Mukaiika nyumba imeneyi pakati penipeni, kutsogolo kutsala mamita 8, kumbuyo mamita 8, ndipo m'mbali mamita awiri ndi theka uku ndi uku. Poyang'ana zimakongola, koma bwalo mwaligawa paliwiri, ndipo galimoto kuti ilowe kumbuyo ichita kukhula khoma. Koma mukaisendeza nyumbayo kutsogolo ndi kumbali imodzi, kusiya mamita 5 kutsogolo, mamita 2 mbali ina ndi mamita 3 mbali inayo, kumbuyo kutsala bwalo limodzi lathunthu la mamita 11 kwa mamita 15, ndiponso njira yakuti galimoto ya mchenga kapena yopopa zimbudzi ifike kumeneko. Nyumba ndi yomweyo, ndalama ndi zomwezo, koma moyo wa pakhomo wasiyana kutali. Chofunika kukumbukira ndi chakuti khonsolo ya mzinda uliwonse ili ndi malamulo ake a mpata woyenera kusiyidwa pakati pa nyumba ndi mseu, ndi pakati pa nyumba ndi malire. Kafunseni kumeneko musanakhome chikhomo.

Ndipo popeza ambiri a ife pulani ya papepala imatizunguza mutu, nayi njira yapafupi. Tengani zikhomo, chingwe ndi phulusa, mupite pa poloti pamodzi ndi abambo a kunyumba ndi wojambula pulani, mukalembe nyumba yonse pansi ndi phulusalo pa msinkhu wake weniweni. Kenaka lowani pakhomo pake ngati kuti yatha kale. Yendani kuchokera pa mpopi kufika kukhitchini, kuchokera kuchipinda kufika kubafa. Yalani mphasa pamene padzakhale bedi, pokumbukira kuti bedi la anthu awiri limatenga pafupifupi mamita 2 mulitali ndi mita imodzi ndi theka mulifupi, muone ngati chitseko chidzatseguke. Mzere wa phulusa umafufutika ndi phazi, pamene khoma la simenti limafuna nyundo ndi ndalama.

Chachiwiri ndi madzi a mvula. Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa. Ngati nkotheka, kaoneni malo mvula ikugwa, mu Januwale kapena Febuluwale, musanapereke ndalama, kuti mudziwe kumene madzi amachokera ndi kumene amalowera. Sitidaiwale za mu Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy adagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, nkukokolola nyumba ndi anthu ku Chilobwe ndi ku Manja. Malo a m'khwawa, a m'mphepete mwa mtsinje kapena otsetsereka kwambiri m'munsi mwa phiri, ngakhale atatchipa chotani, asiyeni. Pa malo abwino pomwe, pansi pa nyumba pakwezedwe kuposa bwalo ndi mizere iwiri kapena itatu ya njerwa, ndipo pamwamba pa maziko payalidwe pepala lakuda la pulasitiki kuti chinyontho chisakwere m'khoma. Malata atuluke kunja kwa khoma osachepera theka la mita.

Tiwerengerenso madzi a padenga. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa sikweya mita imodzi imapereka lita imodzi. Denga la nyumba tatchula ija, pamodzi ndi zotulukira zake, ndi la masikweya mita ngati 100. Mvula ya mamilimita 800 pa chaka, monga imagwera kawirikawiri ku Lilongwe, ipereka malita 80,000, ndiwo madiramu 400. Kumudzi madzi amenewa amangomwerera m'munda. Pa poloti yaing'ono, mukapanda kuwakonzera ngalande yopita ku mseu, adzakumba maziko anu kapena adzalowa m'nyumba ya mnzanu, ndipo chinansi chidzathera pomwepo. Siyani malo a thanki kapena madiramu pa ngodya ya nyumba pafupi ndi pochapira, kuti tsiku limene mpopi wauma musasowe pogwira.

Chachitatu ndi chimbudzi, ndipo tisachite nacho manyazi. Kolera imene idayamba mu Malichi 2022 nkupitirira mpaka 2023 idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre idali pakati pa madera ovutika koposa. Azaumoyo amalangiza kuti chimbudzi chokumba chitalikirane ndi chitsime mamita 30. Tsono pa poloti ya mamita 15 kwa 25, ngakhale mutayeza chopingasa kuchokera ngodya ina kufika ngodya inzake, mamita 30 sakwana. Kuonjezera apo, kuseri kwa mpanda kuli chimbudzi cha mnzanu. Kotero pa malo otere madzi akumwa achokere ku mpopi, ndipo ndalama yolumikizira madzi ilowe m'chiwerengero kuyambira pachiyambi. Chimbudzi chikhale ku ngodya ya kumbuyo, kutali ndi khitchini yanu ndiponso ya mnzanu, chikhale ndi chivundikiro, paipi yotulutsa mpweya yotchingidwa ndi sefa pamwamba pake, ndi posambira m'manja pafupi, ngakhale mpondagiya. Pambali pake musamangepo kanthu, pakhale pokumba dzenje lachiwiri. Amene mukufuna chimbudzi cha madzi m'nyumba, malo a sepitiki thanki ndi dzenje lake lomwetsera madzi muwapatule lero, ndipo pakhale pofikika ndi galimoto yopopa.

Bwalo likakhazikika, tsopano tilowe m'nyumba. Mwambo wathu sulola kuti mnyamata wosinkhuka agone chipinda chimodzi ndi alongo ake. Kumudzi gowelo limathetsa vuto limeneli. M'tauni gowelo liyenera kulowa pansi pa denga lomwelo, ndiye chifukwa chake tikuti zipinda zogona zikhale zitatu, cha makolo, cha atsikana ndi cha anyamata, ngakhale ana anu lero akadali kumsana. Chipinda cha mamita 3 kwa mamita atatu ndi theka chimakwana mabedi awiri ang'ono ndi katebulo kowerengera. Chipinda chilichonse chikhale ndi khomo lake lotulukira m'kanjira ka pakati, munthu asamadutse m'chipinda cha mnzake. Khomo la bafa lisayang'ane pabalaza. Taganizani apongozi abwera kudzachira kuchipatala, atuluka m'bafa atadzikulunga chitenje, nkupeza mkamwini ali pampando ndi anzake. Zoterezi zimapeweka ndi kungotembenuza khomo limodzi papepala.

Pabalaza mpamene ambiri amatayira malo. Amafuna pakhale pachikulu kuti odutsa aziyamikira, ana nkumapanikizana m'tizipinda tonga makola a nkhunda. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pabalaza pa mamita 4 kwa mamita anai ndi theka mpokwanira, ndipo khonde la kutsogolo lidzagwira ntchito ya mtengo wa mthunzi uja, pakuti alendo ambiri a masana amathera pakhonde.

Khitchini ikhale kumbuyo, khomo lake lotulukira pa bwalo, zenera lake loti mai ali pophika aziona ana akusewera. Kunja kwa khomolo kukhale khonde lofoleredwa, lotseguka m'mbali, lophikirapo pa mbaula nthawi ya dzinja. Ngakhale muli ndi chitofu cha magetsi kapena cha gasi, mbaula siichoka pakhomo, ndipo mpweya wa makala ulibe fungo koma umapha anthu m'nyumba yotseka, makamaka mu Juni ndi Julayi pamene ena amalowetsa mbaula kuti aothe. Pafupi ndi khitchini pakhale kachipinda ka matumba a chimanga, ndiko nkhokwe yathu ya m'tauni, kouma, kolowa mphepo, matumba atasanjidwa pa matabwa osakhudza khoma.

Kunena za dzuwa ndi mphepo, dziko lathu lili kumwera kwa mzere wogawa dziko lapansi pakati, motero m'miyezi yozizira dzuwa limayenda mopendekera kumpoto, pamene mu Okutobala ndi Novembala limadutsa pamutu. Zenera loyang'ana kumpoto limalowetsa kadzuwa kofunda mu Juni, ndipo nthawi yotentha limabisala pansi pa mthunzi wa malata. Dzuwa loopsa ndi la madzulo, lochokera kuzambwe. Chipinda chogona chokhala ndi zenera lalikulu kumeneko chimasanduka uvuni mu Okutobala. Mseu ndi umene umalamula kumene poloti yayang'ana, choncho sitingasankhe zonse, komabe tingathe kuika bafa ndi kachipinda ka katundu ku khoma la kuzambwe, kapena kubzala mtengo wa zipatso mbali imeneyo, motalikirako ndi maziko. Omanga amati zenera lisachepere gawo limodzi mwa magawo khumi a pansi pa chipindacho, ndiye kuti chipinda cha ana chija chifuna zenera loposerako mita imodzi uku ndi uku. Mazenera akakhala mbali ziwiri za nyumba moyang'anana, mphepo imadutsa. Musaiwale sefa wotchinga udzudzu. Apa mpamene mpata wa m'mbali uja umaonetsa phindu lake, pakuti zenera loyang'anizana ndi mpanda wa njerwa pa mtunda wa dzanja limodzi silibweretsa kuwala kapena mphepo.

Pali chinthu china chimene achinyamata saganizira pomanga, koma ife amene timagona m'masiwa timachidziwa. Nyumba imakalamba pamodzi ndi eni ake. Lidzafika tsiku lakuti wodwala anyamulidwe kapena ayendetsedwe pa njinga ya olumala, ndipo lidzafikanso tsiku lakuti bokosi lilowe ndi kutuluka. Taona m'makomo ena anthu akuvutika kupendeketsa bokosi pa khomo lopanikiza, anamfedwa akuyang'ana. Khomo lalikulu ndi la chipinda cha makolo likhale la masentimita 90, kanjira ka pakati kakhale koongoka ndi kosachepera mita imodzi, masitepe akhale ochepa. Pa tsiku lotero amai amadzaza m'nyumba, abambo amakhala panja, ndipo miphika ikuluikulu imafuna pokhala mafuwa. Pakhomo popanda bwalo, anthu amakathera mu mseu. Bwalo lomwelo ndi limene lidzalandire chinkhoswe cha mwana wanu.

Nanga ndalama zikachepa? Pang'onopang'ono ndi mtolo. Jambulitsani pulani ya nyumba yonse, koma mangani mbali imodzi, zipinda ziwiri ndi khitchini, mulowemo, lendi imene mukadalipira kwina igule simenti ya mbali yotsala. Choopsa ndi kumangophatikiza zipinda popanda pulani, pakuti chipinda chatsopano chimatseka zenera la chakale. Nyumba ikhale ya ngodya zinai ndi denga la mbali ziwiri, chifukwa ngodya iliyonse yoonjezera imadya njerwa, ndipo pokumana madenga mpamene pamayambira kudontha. Pamene simuyenera kuumira ndi pa maziko ndi pa lamba wa konkire ndi zitsulo wozungulira nyumba yonse pamwamba pa mazenera. Dziko lathu limachita zivomezi, monga cha ku Salima mu 1989 ndi cha ku Karonga mu 2009, ndipo lamba ameneyu ndi amene amagwirizanitsa makoma. Amene mukulota zodzamanga nyumba yosanja m'tsogolo, nenani maziko asanakumbidwe, injiniya awerengere kulemera kwake. Musaumbe njerwa pa poloti yanu yomweyo, chifukwa mudzatsala ndi dzenje pamene padayenera kukhala bwalo. Kuyambira 2018 malamulo adaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma, za mabungwe ndi za malonda pofuna kuteteza mitengo, ndipo mabuloko a simenti tsopano akupezeka m'matauni onse. Funsani mitengo ya zonse ziwiri musanasankhe.

Tikudziwa kuti bwalo lopanda kanthu limayesa mtima. Abale adzati, malo onsewa akungokhala, bwanji osamangapo tinyumba ta lendi? Sitikunyoza lendi ai, pakuti amai ambiri amasiye aphunzitsa nayo ana. Koma taonanso makomo amene mizere ya tizipinda idadya bwalo lonse, mabanja asanu kapena asanu ndi limodzi nkumalimbirana chimbudzi chimodzi ndi chingwe chimodzi choyanikira, mwini nyumba nkusanduka mlendo pakhomo pake. Ngati mukufuna lendi, iloweni m'pulani kuyambira pachiyambi, chipinda chimodzi kapena ziwiri m'mbali imodzi ya kumbuyo, ndi chimbudzi chake, mwa chilolezo cha khonsolo, ndipo mugwirizane monga banja kuti malire ake ndi amenewo.

Chotsiriza ndi mapepala. Musapereke ndalama kwa madobadoba musanakatsimikize kwa eni nthaka, kaya ndi khonsolo, kaya Unduna wa za Malo, kaya Malawi Housing Corporation, kuti wogulitsayo ndi mwini wake weniweni ndipo mabikoni ali m'malo mwake. Pulani ivomerezedwe musanayambe kumanga. Nyumba yolowa mu mseu, yokhala pansi pa mawaya akuluakulu a ESCOM kapena pamwamba pa mapaipi a madzi ingathe kugwetsedwa, thukuta lanu lonse nkupita pachabe. Ndipo popeza nonse awiri mukuikapo mphamvu, kambiranani zakuti maina onse awiri alembedwe pa mapepala a malo, ndiponso mulembe wilo. Lamulo la 2011 la chuma cha masiye limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu, komabe pepala lolembedwa bwino limatseka pakamwa pa olanda mkangano usanayambe.

Inu abambo amene muli pano, tikupemphani mwaulemu kuti popita kwa wojambula pulani muziwatenga amai a kunyumba. Inu mumaiona nyumba m'mawa ndi madzulo, iwo amadziwa kumene utsi umalowera ndi kumene madzi ochapira amathera. Mutu umodzi susenza denga. Inunso amai, musamati za zomanga nza abambo, ife tidzangolowa. Funsani kufikira mutamvetsa, ndipo mmisiri akakuuzani kuti sizitheka, mufunseni chifukwa chake. Amai akuluakulu, pamene tikulangiza atsikana olowa m'banja za kusamala pakhomo, tiziwauzanso zimenezi, pakuti ambiri a iwo adzamanga pa malo ochepa kuposa athu.

Amene muli ndi poloti yosamangidwa, sabata ino isathe musanapiteko ndi chingwe ndi phulusa. Amene mudamanga kale, kaoneni bwalo limene latsala, mulisunge.